Njinga mpaka m'tsinde mwa phiri, kenako wapansi: ulendo wa tsiku limodzi kuchokera mu Lusaka

Lusaka ndi mzinda wokhala pamwamba koma wopanda phiri. Uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, komabe ukaima ku Chilenje kapena ku Matero n'kumwaza maso, umangoona madenga, mitengo ndi nsanja za mafoni. Ife amene tinakulira kum'mawa, kumene Chipata anazingidwa ndi mapiri ndipo mwana wa ku Katete amadzuka akuyang'ana Mphangwe, zimenezi zimatisowetsa mtendere. Mapiri alipo ndithu, koma ali kunja: kumwera chakum'mawa, kumene dziko limayamba kupindikapindika lisanagwere m'chigwa cha Zambezi, ndiponso cha ku Kafue. Chovuta ndi kafikidwe. Minibasi imakutula pamene pathera okwera, ndipo kuchoka pamenepo kukafika m'tsinde mwa phiri wapansi, tsiku limatha usanayambe n'komwe kukwera. Galimoto yahayala yoti ikudikire tsiku lonse kutchire si ya thumba la aliyense. Njinga yakapalasa ndiyo imatha nkhani imeneyi.

Ndikulemba izi chifukwa anthu amene amandifunsa za ulendo wotere amafunsa za phiri lokha: ndi lalitali bwanji, kuli njoka kodi, pamwamba pamaoneka chiyani. Palibe amafunsa za kubwerera. Chonsecho ulendowu uli patatu, kupalasa popita, kukwera ndi kutsika phiri, kenako kupalasanso, ndipo gawo lachitatuli ndilo limagwetsa anthu. Ukafika pansonga mtima umakuuza kuti wamaliza, pamene miyendo yomweyo idakali ndi makilomita onse aja amene inapalasa m'mawa, koma tsopano dzuwa lili paliwombo. Choncho chilichonse, nthawi yonyamuka, kuchuluka kwa madzi, kutalika kwa phiri limene mwasankha, muzichiwerengera kuyambira kumapeto kubwerera m'mbuyo.

Ife tinapita mu Seputembala, ndipo ndimaona kuti ndiwo mwezi wake. Chisanu cha Juni ndi Julaye chimakhala chitapita, mvula ya Novembala ikadali kutali, ndipo kutentha kwa masana kumafika cha m'madigiri 29 kapena 30, kusanafike poipa ngati mu Okutobala. M'tauni mitengo ya jakaranda imakhala itayamba maluwa. Kutchire mitengo ya mombo imatulutsa masamba atsopano ofiira, ena ofiirira, ena achikasu, asanabiriwire. Koma chachikulu kwa woyenda pansi ndi udzu. Nthawi ya masika, mu Epulo ndi Meyi, udzu umapitirira munthu ndipo suona pamene ukuponda. Pofika Seputembala malo ambiri amakhala atapsa kapena ng'ombe zitadya, tinjira timaoneka, miyala imaoneka, ndipo misewu yafumbi imakhala youma. Kuipa kwake n'kwakuti timitsinje natonso timakhala titauma. Madzi amene mudzamwe paphiri ndi okhawo amene mwanyamula.

Tinali atatu: ine, alamu anga amene anakwatira mlongo wanga, ndi mnyamata wina wokonza njinga pafupi ndi msika wathu, amene tonse timangomutcha amisiri. Ine ndili ndi njinga ya magiya yogula pakaunjika, amisiri ali ndi yawo yolumikizalumikiza kuchokera ku njinga zingapo zakufa, ndipo alamu ali ndi Buffalo ya giya imodzi, zija zimene bungwe la World Bicycle Relief linafalitsa muno m'Zambia. Buffalo ndi yolemera, imapitirira makilogalamu 20, koma keliyala yake inapangidwa kuti izinyamula mpaka makilogalamu 100, ndiye madzi ambiri anakwera kwa alamu. Wina asakunamizeni kuti ulendowu umafuna njinga yodula. Kwathu ku Chipata anthu akwera zitunda ndi matumba a chimanga pa njinga za Eagle kwa zaka zambirimbiri. Chofunika ndi mabuleki ogwira, matayala amene sanathe mano, ndi tcheni chothira mafuta. Amisiri anaziyendera njinga zonse dzulo lake, n'kumanga masipoko awiri amene anali atakhwepa pa yanga.

Tinanyamuka ku Chilenje 5:30 m'mawa kukungoyamba kuyera, nyali zili zoyaka, n'kudzera ku Woodlands kukalowa mumsewu wa Leopards Hill. Mwezi umenewu dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kulowa cha m'ma 6 madzulo, ndiye muli ndi maola 12 okha. Gawo la m'tauni palibe chonena kwenikweni: mumadutsa manda a Leopards Hill, mumadutsa Bauleni, kenako mipanda italiitali ya nyumba ndi mafamu. Pamenepa muzingosamala magalimoto, makamaka malole a mchenga ndi miyala amene amayamba ntchito m'mamawa ndipo salabadira wapanjinga. Yendani kumanzere kwenikweni, mondondozana, osati mophatikizana n'kumacheza. Chakumeneko kulinso njira yopita ku Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015, ya mahekitala oposa 6,700. Ndi malo abwino kuonako nyama, koma ife tinkafuna phiri, ndiye tinapitirira.

Amene mumakumana nawo kwambiri nthawi imeneyo ndi ogulitsa makala, akubwera m'tauni ndi matumba osanjikizana kupitirira mutu. Anthu amenewa ndiwo amaudziwa msewu kuposa mapu a pafoni. Mmodzi amene tinamupeza akupuma pachitunda anatiuza pamene pali mjigo wotuluka madzi, pamene pali mchenga wozama, ndi mudzi umene uli pafupi ndi phiri limene tinkalifuna. Apatseni njira akamatsika mtsetse, chifukwa njinga yolemera chonchija siima msanga.

Pali chinthu china chimene chimakudabwitsa ukangotembenukira kum'mawa: mphepo. M'chilimwe mphepo ya kuno imachokera kum'mawa ndi kumwera chakum'mawa, ndipo mu Ogasiti ndi Seputembala imakhala yaukali. Ndiye popita imakuomba pachifuwa. Zimatopetsa, koma ndi momwemo mmene ziyenera kukhalira, kulimbana nayo m'mawa mphamvu zilipo, kuti ikadzakhalapo madzulo idzakukankheni kumsana. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene ndimakondera mbali imeneyi kuposa mbali zina za mzinda.

Tala atatha liwiro linatsika. Pa tala tinkayenda bwino, koma pafumbi, ndi timizere tija timene timagwedeza mano, makilomita 10 kapena 12 pa ola ndiwo anali athu. Amisiri anatiphwetsa matayala pang'ono kuti asamadumphe komanso kuti agwire mumchenga. Katundu yense anali pakeliyala, womangidwa ndi malegeni, kuphatikizapo zikwama zakumsana. Musapalase chikwama chili kumsana. Msana umatuluka thukuta, mapewa amatopa, ndipo mapewa omwewo mudzawafuna paphiri. Tinafika pamudzi uja cha m'ma 8 koloko, titapalasa makilomita pafupifupi 30.

Apa ndipo pali nkhani imene ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa ndi imene imasiyanitsa ulendowu ndi kungopalasa kapena kungokwera phiri. Njinga simungakwere nayo. Muisiya kuti? Ena amati ibiseni patchire n'kuimanga kumtengo ndi loko. Ine sindivomereza. Tchire la kufupi ndi Lusaka lili ndi maso ambiri, abusa a ng'ombe, otola nkhuni, owotcha makala, ana osaka mbewa, ndipo njinga yobisidwa imauza aliyense kuti mwini wake ali kutali ndipo sabwera msanga. Kuwonjezera apo mu Seputembala moto umayaka paliponse. Mungabwere n'kupeza matayala atasungunuka popanda wakuba aliyense. Malo abwino osiyapo njinga ndi pakhomo pa munthu.

Tinatsika panjinga tisanalowe pabwalo, n'kuima chapatali.

"Odi kuno!"

Anatuluka mayi wachikulire, akupukuta manja pachitenje. Dera limeneli ndi la Asoli, pansi pa mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, koma Chinyanja chimamveka bwinobwino. Anatipatsa mipando, tinapatsana moni mmodzimmodzi, ndipo alamu, pokhala wamkulu pa ife, ndiwo anayankhula.

"Amayi, ndife alendo, tachokera m'tauni. Timafuna tikwere phiri ili, tikaone pamwamba n'kubwerako masana. Timapempha ngati tingasiyeko njinga zathu pakhomo pano."

Mayi aja anatiyang'ana nsapato, n'kuyang'ana zikwama.

"Kuphiriko mukukatengako chiyani, ana anga?"

"Palibe, amayi. Kukangoona."

"Kungoona? Kuchokera ku Lusaka pa njinga kudzangoona?"

Funso limeneli muliyembekezere, ndipo musaliseke. Anthu a madera amenewa aona alendo ambiri obwera ndi mawu okoma: ena ofuna miyala yamtengo wapatali, ena oyeza malo amene mawa lake amapezeka atazingidwa waya. Munthu wobwera kudzangotopa dala ndi wovuta kumumvetsa. Alamu anafotokoza kwathu, anatchula mudzi wawo ndi ntchito imene amagwira, ndipo atanena kuti anakulira m'tsinde mwa phiri ndipo amalisowa, mayi aja anaseka. Anatuma mdzukulu wawo kukauza anyakwawa kuti kwabwera alendo, ndipo yankho linabwera lakuti tikwere, koma tipite ndi mwana wa pamudzipo. Zonsezi zinatidyera pafupifupi ola. Muliwerengere ola limeneli pa dongosolo lanu, silotayika. Safunsa anadya phula: mnyamata amene anatiperekeza ndiye anatilambalalitsa kamsitu kena kowirira kamene ife tikanalowamo pofuna mthunzi, osadziwa kuti ndi manda. Anatisonyezanso waya wa pafamu ina umene sitinayenera kudumpha, ndi malo amene anthu amatcherako misampha.

Njinga tinazimanga pamodzi ndi loko imodzi, kuseri kwa nyumba, pamthunzi, chifukwa chubu chopopa kwambiri chikakhala padzuwa maola ambiri chimatha kuphulika. Pampu, nyali ndi masipanala tinali titazilonga kale m'zikwama tisanafike pamudzipo. Kuchotsa zinthu panjinga mwini khomo akuona kuli ngati kumuuza kuti simukumukhulupirira. Tinali titanyamulanso shuga, mchere ndi sopo. Zimenezi tinapereka pobwerera, pamodzi ndi kangachepe ka ndalama kwa mnyamata uja. Nyamulani ndalama zing'onozing'ono m'thumba, chifukwa netiweki kumeneko imabwera n'kupita ndipo za pafoni sizidalirika.

Za zovala sindichulutsa. Nsapato ndi imodzi yomweyo, yopalasira ndi yokwerera, bola ikhale ndi mano pansi. Phiri la kuno lili ndi timiyala tosalala ndi masamba ouma amene amaterera kuposa matope. Valani buluku lalitali ndipo mulilowetse m'masokosi: panjinga silikodwa m'tcheni, patchire limatchinga nkhupakupa. Malaya akhale a manja aatali ngakhale kukutentha. Chipewa cholimba cha panjinga chitsale ndi njinga, paphiri muvale chipewa cha mlomo waukulu.

Tinayamba kuyenda 9 koloko. Mphindi zoyambirira miyendo imakhala yachilendo, ngati ikufunabe kuzungulira, koma imazolowera. Kanjira kanadutsa m'minda yokolola kale, m'mapesi, kenako m'lupsa, ndipo fumbi lakuda linatidetsa mpaka m'mawondo. Phirilo silinali lalikulu. Foni ya amisiri inaonetsa kuti kuchokera pamudzi kufika pansonga tinakwera mamita pafupifupi 250, ndipo zinatitengera ola ndi theka. Kwa munthu wozolowera Mulanje kapena mapiri a ku Nyika, chimenechi ndi chulu. Koma pa ulendo wophatikiza ndi njinga, phiri lotere ndilo loyenera. Anthu oyenda m'mapiri amawerengera ola limodzi pa makilomita 5 alionse, n'kuwonjezera ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Kumeneko n'kuwerengera kwa munthu wosatopa, woyenda panjira yabwino kunja kukuzizira. Inu amene mwapalasa kale maola awiri ndi theka, wonjezerani theka la nthawiyo.

Pakati pa chitunda, m'kachigwembe kouma, mnyamata uja anaima n'kutambasula mkono.

"Amalume, musakhudze apo. Chitedze."

Chinali chitayanga pamtengo m'mbali mwenimweni mwa njira, nyemba zake zitauma, ubweya uli mbuu. Amene anakulira kumudzi safuna kuuzidwa, koma ana athu obadwira m'tauni ambiri sachidziwa, ndipo nyengo imeneyi ndi pamene chimalusa, chifukwa ubweya uja umathothoka ngakhale ndi mphepo yokha. Chikakugwerani musakande, kukanda kumaulowetsa mkati. Ichi ndi chifukwa chake ndikuti malaya a manja aatali. Tinadutsa chapatali, mbali imene mphepo inkachokera.

Njoka sitinaione, ngakhale kukayamba kufunda zimayendayenda. Yoopsa kwa woyenda pansi ndi mphiri, chifukwa siithawa, imangogona panjira itafanana ndi masamba. Muziyang'ana pamene mukuponda, ndipo musalowetse dzanja m'ming'alu ya miyala pofuna pogwira. Wina akalumidwa, musacheke bala, musayamwe, musamange mwendo mothinitsa ndi legeni. Mkhazikeni pansi asayendeyende, mumuvule nsapato ndi chilichonse chothina, ndipo mufune galimoto yopita naye kuchipatala. Pamenepanso mudzaona ubwino woti pamudzi akudziwa kuti muli kuphiri.

Pamwamba ndinene zoona: amene akufuna kuona kutali asapite mu Seputembala. Mlengalenga mumakhala utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi, moti Lusaka sitinamuone, kunali chimtambo chotuwa chabe kumene mzinda uli. Kuona kutali ndi kwa mwezi wa Epulo kapena Meyi, mvula itatsuka mpweya. Chimene Seputembala amapereka chili pafupi, pansi pa mapazi ako: mitengo ya mombo yofiira kutsetsereka phiri lonse mpaka kuchigwa, zitunda zikutsatana kulowera ku Zambezi, iliyonse yotuwa kuposa inzake. Alamu, amene samakonda kujambula, anatha batire la foni pamenepo.

Umaonanso zina. Mbali ina ya phirilo inali zitsa zokhazokha, ndipo tinawerenga malo angapo pamene pankafuka utsi wa mauvuni a makala. Sindingaloze chala munthu. Chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi akuzima maola ambiri pa tsiku, mbaula ya kwathu inkayaka m'mawa ndi madzulo, ndipo makala akewo ankachokera kumapiri ngati limeneli, pa njinga za anthu omwe aja tinakumana nawo m'mawa. Kungoti ukaona ndi maso kumene thumba lija limachokera, umaliona mwanjira ina.

Tinadya pansonga: mbatata yophika, mtedza wokazinga, nthochi, ndi mazira owiritsa othira mchere. Chakudya cha ulendo wotere chikhale chosaonongeka ndi kutentha ndipo muzidya pang'onopang'ono kuyambira m'mawa, osadikira njala. Panjinga njala siigogoda, imangofika, miyendo n'kuzizira nthawi imodzi. Madzi tinanyamula malita 4 munthu aliyense. Malita awiri tinakwera nawo, enawo tinasiya ndi njinga kuti tisawamalize paphiri. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye anthu amakonda kuchepetsa madzi pofuna kupepukitsa katundu. Chepetsani china chilichonse koma osati madzi. M'botolo limodzi munali madzi a mchere ndi shuga, muyezo uja wa kuchipatala: lita imodzi ya madzi, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Timapaketi ta ORS ta ku famase timagwira ntchito yomweyo ndipo n'tosavuta kunyamula. Madzi a pamjigo tinathira klorini tisanamwe.

Tinali titagwirizana tisananyamuke kuti 11 koloko ikakwana tiyamba kutsika, kaya tafika pansonga kaya ayi. Nthawiyi tinaipeza motere. Tinkafuna kulowa m'tauni 5 koloko madzulo, kusanade. Kubwerera tinakupatsa maola atatu, osati awiri ndi theka ngati popita. Ndiye pamudzi tiyenera kuchokapo 2 koloko. Tisanakwere njinga tiyenera kupuma pamthunzi maola awiri, dzuwa la paliwombo lidutse. Ndiye pansi tiyenera kufika 12 koloko. Mukawerengera chonchi mumaona nokha kuti phiri lofuna maola asanu kapena asanu ndi limodzi silikwana m'tsiku limeneli, pokhapokha litakhala pafupi kwambiri ndi kwanu.

Kutsika kumaoneka kophweka chifukwa supuma wefuwefu, koma ndiko kumawononga miyendo. Pa sitepe iliyonse minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki, ndipo minofu yomweyo ndi imene imakankha zopalasira. Mnyamata wa pamudzi uja ankatsika modumphadumpha atavala patapata, ndipo alamu, osafuna kugonja kwa mwana, anamutsatira. Ine ndi amisiri tinatsika pang'onopang'ono, masitepe aafupi, ndi ndodo zimene tinatola m'njira. Ndodo imachotsa katundu wambiri pamawondo.

Pamudzi tinapeza njinga zili momwe tinazisiyira, kupatula kuti ana anali atapukuta fumbi pa Buffalo ya alamu, mwina pofuna kuiona bwino. Mayi aja anatipatsa munkoyo wozizira wa mumtsuko, ndipo tinagona pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Maola awiri amenewa mudzafuna kuwadula, chifukwa mtima umakhala uli kunyumba. Musawadule. Pakati pa 12 ndi 2 koloko msewu wafumbi umatentha pansi ndi pamwamba, mthunzi palibe.

Tisananyamuke amisiri anapeza tayala langa lakumbuyo litaphwa. Unali munga umene unalowa pamene tinkakankha njinga m'kanjira kolowera pamudzi. Anatulutsa chubu, anamata chigamba, koma asanabwezere anayendetsa chala m'kati mwa tayala mozungulira mpaka anaupeza mungawo n'kuuzula. Ambiri amaiwala zimenezi, n'kuponchanso pamalo omwewo asanayende kilomita imodzi. Nyamulani chubu chapadera cha saizi ya njinga iliyonse, zigamba, guluu, pampu ndi masipanala okwana manati a mawilo anu. Okonza njinga alipo m'misika ing'onoing'ono ya m'njira, koma munga susankha pamene pali msika.

Ndiye kunabwera gawo lachitatu lija. Mitsetse yonse imene inatisangalatsa m'mawa inali itasanduka zitunda. Mphepo inalipo kumsana, koma yofooka, ndipo mphepo ya kumsana ili ndi kuipa kwake: ukamayenda liwiro lofanana nayo, sumva kamphepo kalikonse pankhope, thukuta limangotsika. Chishalo chimene m'mawa sunkachimva, tsopano umachimva. Titayenda makilomita ngati 8, pachitunda china chachitali, alamu anafuula n'kugwera m'mbali, atagwira ntchafu.

"Alamu, mwendo wagwira! Wauma gwa!"

Minofu inali itakokana, mwendo osapindika. Tinawakokera pamthunzi wa kamtengo, amisiri anawapinda mwendo pang'onopang'ono, chidendene kulowera kumbuyo, mpaka minofu inamasuka, ndipo anamwa madzi a mchere ndi shuga aja. Patapita mphindi 20 anaimirira. Tinasinthana njinga, iwo anatenga yanga ya magiya kuti azipalasa mopepuka, ine ndinatenga yawo, imene tsopano inali itapepuka chifukwa madzi ambiri anali atamwedwa. Zitunda zotsatira tinkatsika n'kumakankha, tonse atatu, kuti wina asaoneke wofooka. Palibe manyazi pokankha njinga. Ogulitsa makala, amene ali ndi miyendo yolimba kuposa tonsefe, amakankha pa chitunda chilichonse.

Kukokana kwa minofu kumapweteka koma kumatha. Chimene muyenera kuopa ndi china: mnzanu akayamba chizungulire, mutu kuwawa kwambiri, kusanza, kapena kuyankhula zosagwirizana. Pamenepo ulendo wa njinga watha. Mugonekeni pamthunzi, mumuthire madzi pathupi, mumukupize, ndipo muimitse galimoto iliyonse yopita m'tauni. Magalimoto ang'onoang'ono onyamula ndiwo zamasamba ndi makala amadutsa, ndipo amanyamula munthu ndi njinga yake mukagwirizana mtengo. N'chifukwa chake ndalama ina izikhala yosakhudza mpaka mutafika kunyumba. N'chifukwa chakenso sindilimbikitsa kupita wekha. Atatu ndi bwino kuposa awiri, mmodzi atsale ndi wodwala, wina akafune thandizo. Ndipo kunyumba muuze munthu msewu umene mwatenga ndi nthawi imene ayenera kuyamba kukufunani.

Titafika pa tala zinthu zinapepuka. Tinaima pakagolosale kugula maheu ndi mabanzi, ndipo tinalowa m'Chilenje 5:30, mochedwa ndi theka la ola, nyali zitayakanso chifukwa magalimoto a madzulo anali atachuluka. Posamba ndinapeza nkhupakupa imodzi kuseri kwa bondo, ngakhale buluku linali m'masokosi. Dziyang'aneni thupi lonse usiku womwewo, m'khwapa, m'chiuno, kuseri kwa mawondo. Muichotse poigwira pafupi ndi khungu n'kukoka molunjika, ndipo mukayamba kutentha thupi m'masiku otsatira, mukawauze a chipatala kuti munali kutchire, asangoganizira malungo okha. Ntchafu zimapweteka kwambiri mawa lake kuposa tsiku la ulendo, ndiye ndi bwino kupita Loweruka kusiyana ndi Lamlungu ngati Lolemba muli ndi ntchito yoimirira.

Amene simunapalasepo makilomita 60 tsiku limodzi, musayambire pa ulendo umenewu. Yambani mwapalasa msewu womwewo kupita ndi kubwera popanda phiri, Loweruka lina. Mukatero mudzadziwa nthawi yanu yeniyeni, mudzaona mudzi woti mudzasiyepo njinga, ndipo mungathe kupereka moni ndi kupempha chilolezo pasadakhale, kuti tsiku lenilenilo mukafike ngati anthu odziwika kale.

Ambiri amandifunsa za mapiri a cha ku Kafue, chifukwa amaoneka bwino ukamadutsa pa basi ndipo ndi aakulu kuposa limene tinakwera ife. Mtunda wochoka mu Lusaka kukafika m'tauni ya Kafue ndi makilomita pafupifupi 45, kudzera ku Chilanga, tala yekhayekha. Koma msewu umenewo ndi umene umanyamula malole opita ku Chirundu ndi ku Livingstone, ndipo Kafue ali m'munsi kuposa Lusaka ndi mamita pafupifupi 300. Popita mumatsika mosangalala m'mawa kukuzizira, pobwera mumakwera mamita onsewo masana, mutatsika kale phiri, malole akukupemererani fumbi. Amene akufuna mbali imeneyo apalase popita pokha, ndipo akonzeretu galimoto yodzawatenga pamodzi ndi njinga zawo madzulo.